Chiralpak IA ya Daicel: ndi yodula koma mu labu ya anthu ambiri ndi yomweyi basi

Amene mumalimbana ndi ma enantiomer pa HPLC (makina olekanitsa mankhwala powadutsitsa mu kolamu) mukudziwa kale kuti kolamu wamba ya C18 apa siithandiza, ma enantiomer ndi mamolekyu awiri amene ali ngati dzanja lamanja ndi lamanzere, kulemera kofanana, kusungunuka kofanana, ndiye amatulukira limodzi piki imodzi basi pa girafu ya makinawo. Ine ndimagwiritsa kolamu ya Chiralpak IA ya 250 x 4.6 mm, 5 µm, ndipo ndinene zoona ndaikonda zedi.

M'kati mwake muli silika yokhala ndi amylose tris(3,5-dimethylphenylcarbamate), polima yomweyo ya mu AD-H (kolamu ina ya Daicel), ntchito imene Yoshio Okamoto anaiyamba ku Japan m'zaka za m'ma 1980. Amylose ija imapindika ngati sipulingi, ndiye enantiomer imodzi imakakamira m'timipata take inzake nkudutsa mwachangu. Mukayesa ndi trans-stilbene oxide pa hexane ndi isopropanol 90:10 mapiki amatuluka awiri oyera bwino, pakati pake mpata woonekeratu osachita kutong'ola maso.

Koma chimene ndimaikondera ndi ichi. Pa AD-H polimayo anangoipaka pamwamba pa silika, ndiye wina akangobaya sampulo yosungunulira mu dichloromethane (DCM), THF kapena ethyl acetate, polima ija imakokoloka kolamu yathera pompo, ndipo labu iliyonse ili naye munthu wosawerenga kapepala ka m'bokosi, inu mukumudziwa wanu. Pa IA anaimangirira ku silikayo, ma solvent onsewa imapirira, komanso sampulo zokanika kusungunuka mu hexane mumatha kuziyendetsa ndi MTBE kapena DCM yomweyo osaopa.

Osati ndi yangwiro ayi. Mamolekyu ena pa hexane ndi alcohol amalekana bwinoko pa AD-H kuposa pa IA, ena amakaniratu amylose mpaka muyese makolamu a cellulose monga IB kapena IC, moti palibe kolamu imodzi yomaliza zonse. Mankhwala a basic onjezani 0.1% DEA (diethylamine) mu solvent, a asidi 0.1% TFA (trifluoroacetic acid), apo ayi piki imakoka mchira. Ndipo mukasinthasintha DEA ndi TFA pa kolamu imodzi tsukani mokwanira chifukwa imasunga zakale retention (nthawi imene mapiki amatulukira) nkuyamba kuyendayenda.

Mtengo wokha eee, umaboola m'thumba, ndiye guard column (kakolamu koteteza koikidwa kutsogolo) musaumire, sampulo muzisefa kaye. Ngati bajeti ikulola kolamu imodzi yokha ndipo makinawo mumagwiritsa ndi ma student, tengani IA.