Mitanda yomwe tinaphatikiza pansi pa bafa: mmene ilili dzinja litadutsa

Anthu angapo kuno ku Kasungu akhala akundifunsa ngati bafa lomwe tinalowetsa m'nyumba yakale ya pa esiteti likadali bwino. Nyumbayi pansi pake si pa simenti, ndi matabwa okhomedwa pa mitanda ya mamilimita 50 kwa 150, ndipo mapaipi amayenera kudutsa momwemo. Chilimwe ndi dzinja zadutsa, pansi sipanatitimire, sipagwedera munthu akamayenda, matayilosi nawonso sanang'aluke.

Ndimathokoza kalipentala yemwe anakaniza pulambala kusema mitanda kunsi kwake kuti paipi ilowe. Anati, "Achimwene, mukasema pamenepo mwaudula msana." Ankanena zoona. Mtanda ukasenza katundu, kunsi kwake kumakokeka, kumwamba kumapanikizika, pakati ndi pomwe sipavutika kwambiri. Choncho bowo limayenera kukhala pakatikati, lisapose gawo limodzi mwa magawo atatu a msinkhu wa mtandawo, ndipo kumwamba ndi kunsi kutsale mamilimita 50. Paipi ya shawa ya mamilimita 40 inakwana, koma poti iyenera kutsetsereka kuti madzi aziyenda, inaboola mitanda iwiri yokha. Ya chimbudzi ya 110 sikanatheka n'komwe, inadutsa kunsi kwa mitanda itapachikidwa pa timabulaketi.

Mitanda iwiri yoboolayo anaiphatikiza ndi ina yatsopano ya paini, yomangidwa ndi mabawuti a mamilimita 12 okhala ndi mawashala, osati misomali. Chomwe ndaona kuti chagwira ntchito kwambiri n'chakuti yatsopanoyo ndi yaitali, yatsamira pa khoma mbali zonse ziwiri. Kachidutswa kongophimba pabowo sikakanathandiza chimodzimodzi. Ndalama zinapitapo ndithu, koma litala imodzi ya madzi ndi kilogalamu imodzi, ndiye ganizirani bafa lodzaza munthu ali momwemo.

Chosasangalatsa chilipo chimodzi. Kutentha kwa mu Okutobala kutafika, matabwa anauma n'kufota pang'ono, mabawuti ena anakhwefuka moti washala imazungulira ndi chala, pansi pakhomo la bafa panayamba kulira. Titamanga ndi sipanala zinatha, sizinabwererenso. Apa ndi pomwe kachitseko komwe tinasiya pansi kanathandiza, ndipo aliyense wochita ntchito yotere asakaiwale. Ndimalowera pomwepo ndi tochi kukaona ngati pa majoini pakudontha komanso ngati chiswe chayamba kumanga njira zake. M'mabowo monse ndi modulidwa monse tinapakamo mankhwala a chiswe, ndipo mpaka pano matabwa ake ndi ouma, oyera.