Chipatala cha agalu chotchipa kuno ku Joni: chimathandiza, koma lawirirani

Amalawi anzanga amene mukusunga galu koma ndalama zake ndi za maganyu ngati zangazi, chipatala cha ziweto cha bungwe lachifundo chomwe ndimapitako ine, mbali ya kumwera kwa mzindawu, ndikuchiyamikira. Zina zimandinyansa ndithu, ndizinena, koma galu wanga Zapansi ali moyo chifukwa cha anthu amenewa. Ndimakhala ku Rosettenville m'kachipinda ka kuseri, ntchito yanga ndi ya m'gadeni, ndipo galuyu anandisiyira abwana ena atasamukira kunja.

Chimene chinandifikitsa kumeneko ndi biliary, matenda amene amabwera ndi nkhupakupa. Kwathu ku Ntcheu galu wa nkhupakupa si nkhani, umangomuthothola uli pakhonde n'kumaponya pamoto. Kuno tinkhupakupa tachikasu timanyamula kachilombo kotchedwa Babesia rossi, komwe kamaswa magazi a galu mofulumira kwambiri, makamaka mvula ikayamba, kuchokera cha mu Okutobala udzu ukamera. Zapansi anasiya kudya, thupi linatentha, mkodzo unafiira. Dotolo wake, mtsikana wamng'ono ndithu, anayamba n'kutukula mlomo wa galuyo. "Baba, taonani kuno," anatero. Nkhama zimene zimayenera kukhala zofiirira zinali zoyera mbee. Anabaya kunsonga kwa khutu, natenga kadontho ka magazi, nakaika pakagalasi, ndipo anandiitana kuti ndisuzumire ndekha pamakina oonera tinthu ting'onoting'ono aja. Tizilomboto ndinationa ndi maso angawa, tili tiwiritiwiri m'kati mwa magazi. Apa ndi pamene anandigula mtima. Sanangolemba mankhwala n'kuitana wotsatira, anafuna kuti mwini galune ndimvetse chimene chikumudya, ndipo tsopano Loweruka lililonse ndimatukula mlomo wa Zapansi n'kuona nkhama.

Anam'baya jakisoni, namugoneka pa diripi. Agalu ena amene amafika mochedwa amafunika kuwathira magazi a galu mnzawo, ndiye mtengo umakwera. Wanga sanafike pamenepo. Ndalama zonse zimene ndinalipira sizinafike ngakhale theka la zimene chipatala china cha m'dera la mabwana chinanditchulira pafoni, ndipo anandilola kumalizitsa mwezi utatha.

Pali chinthu chimodzi dotoloyo anandichenjeza mwamphamvu, ndipo ndikuchibwereza chifukwa ndamvapo anzanga akupangirana nzeru imeneyi pa WhatsApp. Berenil, jakisoni uja timamudziwa wa ng'ombe, amachizadi biliary, koma kwa galu mlingo ukangopitirira kapena mukabwereza msanga, amawononga ubongo ndipo galu amafa akuphupha. Musamabaye nokha. Brufen nayenso amawononga m'mimba ndi impso za galu. Oilo wakuda wa galimoto amene ena amapaka galu wa mphere ndi poizoni, galu amanyambita.

Tsopano zondinyansa. Mzere. Sakupangirani nthawi, woyamba kufika ndiye woyamba kuthandizidwa, ndiye mukafika dzuwa litakwera mwataya tsiku lonse la ganyu. Malo odikirira ndi benchi ya panja, agalu odwala ndi abwinobwino pamodzi. Mayi wina wachikulire wa ku Mangochi anabwera ndi tiana ta galu tosabayitsa n'kutisiya tikununkhiza pansi, pamene pafupi pomwepo panali galu wotsegula m'mimba magazi, chimene chikhoza kukhala chizindikiro cha parvo, matenda opatsirana a agalu. Ndinachita kuwauza kuti, "Amayi, tanyamulani tianato, parvo amakhala m'dothimu miyezi yambiri." Ameneyu anayenera kunena ndi wantchito wa pomwepo, osati ine. Kachiwiri ndi mapepala. Popeza chipatalachi ndi cha anthu opeza zochepa, amafuna umboni wa malipiro. Wa maganyu payslip aitenga kuti? Njira yake ndi kupita kupolisi kukalembetsa affidavit yonena ndalama zimene mumapeza, ndi yaulere, koma zimenezi sanalembe pena paliponse, umadziwira pawindo. Mlongo wa pawindoyonso amayankhula ngati wam'dzutsa kutulo. Za mayendedwe musawerengere tekisi, madalaivala ambiri galu samulola. Ine ndimachonderera mnzanga wa galimoto ya bakkie.

Katemera ndiye ali bwino kwambiri. Wa chiwewe kuno ndi lamulo, galu abayidwe akakwanitsa miyezi 3, abwerezenso chaka chisanathe, kenako pa zaka 3 zilizonse. Ena amaganiza kuti chiwewe tinachisiya kumudzi, koma mu 2010 chinabuka muno mu Johannesburg, mwana wina mpaka anamwalira ku Soweto. A ku Blantyre mukukumbukira a Mission Rabies atayamba kubaya agalu khomo ndi khomo mu 2015. Kuno musadikire kuti wina agogoda pageti, mupite nokha. Amakupatsani kakhadi kodindidwa, kasungeni limodzi ndi pasipoti chifukwa galu akadzaluma mwana wa landilodi, kakhadi kameneko ndiye mboni yanu. Pamodzi ndi wa chiwewe amabayanso wa 5-in-1 woteteza ku matenda a parvo ndi distemper, n'kupereka mankhwala a njoka zam'mimba.

Pa nkhupakupa anandigulitsa Bravecto, piritsi lotafuna limene limagwira ntchito masabata 12. Ndi lokwera mtengo ukaliona koyamba, koma ukawerengera ndi diripi ija umangotulutsa ndalama. NexGard aliponso, wa mwezi ndi mwezi. Piritsi la Bravecto Zapansi amalimeza ndikalibisa m'kachidutswa ka polony.

Anandikakamiza kwambiri za kumufula, ndipo poyamba zinandiwawa, ndinaona ngati akulowerera za pakhomo panga. Anzanga amati galu wofula sauwanso. Bodza. Zapansi amauwabe aliyense wogwira geti, chimene anasiya ndi kulumpha mpanda usiku kukasaka zazikazi, ndipo galu woyendayenda usiku kuno amathera pansi pa matayala kapena amatola nyama yothira poizoni wotchedwa two-step imene akuba amaponya m'mipanda. Anandiuzanso kuti kumanga galu pa tcheni chachifupi tsiku lonse ndi mlandu malinga ndi lamulo loteteza nyama la 1962, ndipo a bungwe loteteza nyama la SPCA akhoza kumulanda. Amene mumakhala m'mayadi a anthu ambiri, nkhani imeneyi kambiranani ndi landilodi musanabweretse galu.

Tsiku lopita tengani madzi akumwa, chingwe cholimba, kakhadi ka katemera ngati muli nako, ndi affidavit yanu. Kamwana ka galu kosabayitsa kalowetseni m'katoni, kasaponde pansi. Ndipo mukaona nkhama zayera musadikire mpaka tsiku lanu la ofu, pemphani abwana m'mawa womwewo.