Thirakitala ya dzina, makina otonolera kapena ngolo: n'chiyani chimakoka aganyu achinyamata pokolola?

Mu Januwale ndi Febuluwale aganyu sasakidwa. Amakupeza okha m'mamawa khasu lili paphewa, ndipo mtengo umene watchula ndi womwewo poti kunyumba ufa watha. Kuyambira Epulo mpaka Juni zinthu zimatembenuka. Aliyense ali ndi kachimanga kake kofuna kudula, msika wa fodya ku Kanengo watsegulidwa, a kabaza akupha makwacha chifukwa anthu ali ndi ndalama m'matumba, ndipo ku Area 49, Area 25 ndi ku Airwing zomangamanga zayambiranso mvula itakata. Nyengo imeneyi mnyamata ndiye amasankha bwana.

N'chifukwa chake alimi anzanga a ku Mitundu, Mpingu, Nsundwe ndi Kasiya kuno ku Lilongwe, makamaka ife olima kuyambira maekala 20 kupita m'tsogolo, timakangana kawirikawiri za makina. Ena amati ukaimika thirakitala yonyezimira pabwalo, anyamata amabwera okha. Ena amati kumeneko n'kudzionetsera chabe, ganyu ndi ndalama basi. Njira zimene ndimaona anthu akutsata ndi zitatu: kugula thirakitala ya dzina, kugula timakina ting'onoting'ono monga totonolera chimanga ndi topunthira soya, kapena kukhalabe pa ngolo ndi manja n'kuika mphamvu pa malipiro.

Tiyambe ndi thirakitala, poti ndiyo ili pakamwa pa aliyense. Amene amati ulemu wake sukoka anthu sanakhalepo pagulu la anyamata pamsika wa Mitundu. Amaidziwa mitundu yake ndipo amaikanganira ngati Bullets ndi Wanderers: uyu ali ku Massey Ferguson yofiira, uyo ku New Holland yabuluu, wina akuumirira kuti John Deere yobiriwira ilibe inzake ngakhale sanaikwerepo. Koma pansi pa mkangano wosangalatsawu pali kuwerengera kwenikweni. Mnyamata amene anagwirapo ganyu n'kumauzidwa kuti "ubwere mawa" mwezi wathunthu amafuna chizindikiro chakuti pafamupa ndalama ilipo, ndipo thirakitala ndi chizindikiro chooneka ali patali. China, amayembekeza kuti mwina adzaphunzira kuyendetsa. Luso limeneli silithera pa munda wako ayi. Limamutengera ku maesiteti a ku Kasungu ndi Mchinji, ku minda ikuluikulu ija boma lakhala likulimbikitsa ya mega farm, ngakhale ku makampani okonza misewu. Ndiyenso pali chithunzi cha pa foni. Kudzijambula uli pampando wa thirakitala n'kuika pa WhatsApp kapena Facebook n'kosiyana ndi kudzijambula utasenza thumba, ndipo ife akuluakulu tisamaseke zimenezi, ifenso tinali ndi zathu zotinyaditsa.

Vuto lake ndi limodzi lalikulu: mpando ndi umodzi. Anyamata onse abwera chifukwa cha chitsulocho, koma chiwongolero chili m'manja mwa dalaivala, amene nthawi zambiri amakhala mphwake wa bwana kapena munthu wolembedwa kale. Enawo ntchito yawo ndi yomwe ija ya makolo, kudula chimanga, kuimika mikukwe, kusenda makoko, kulonga m'matumba ndi kukweza mu tilela. Thirakitala sikolola. Ntchito yake yeniyeni ndi ya mu Okutobala ndi Novembala, kugalauza ndi kuunga mizere. Pokolola imangotuta, kapena kuzunguza makina otonolera ngati muli nawo olumikiza kumbuyo kwake. Tsiku loyamba mnyamata amafunsa mwaulemu, "Bwana, kodi ife chiwongolerochi tizigwirako?" Akayankhidwa kuti dikira kaye kawiri katatu, sabata yachiwiri simumuonanso.

Palinso zina ziwiri zimene ogula saziganizira. Chitsulo chonyezimira chimakweza mtengo umene aganyu amatchula, chifukwa amati bwana uyu ali nazo. Ndipo mukachedwetsa malipiro ngakhale masiku ochepa poti mukubweza ngongole ya kubanki, mbiri yanu imaipa kuposa ya mlimi wa ngolo. Mawu amene amayenda m'mudzi ndi akuti ya dizilo ilipo koma yathu palibe. Ngongoleyo si yamasewera. Thirakitala, matayala ndi masipeya ake zonse n'zochokera kunja, ndipo kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, pamwamba pa kugwa kwa 25 peresenti kwa mu Meyi 2022, mitengo yake inakwera motsatira. Onjezanipo masiku amene dizilo amasowa, thirakitala ili phee pansi pa mtengo, dalaivala ali pamzere ku filling station ndi zigubu.

Apa ndipatukeko pang'ono. Dziko lino linagula mathirakitala 177 ndi ngongole ya ku India kuti athandize alimi ang'onoang'ono, ndipo lipoti la mu 2016 la ofesi ya Ombudsman, yofufuza madandaulo a anthu pa ntchito za boma, linapeza kuti ambiri anagulitsidwa motchipa kwa andale ndi akuluakulu a boma. Nkhaniyi pafupifupi aliyense amaikumbuka ngati ya mathirakitala. Koma pa ngongole yomweyo panalinso makina otonolera chimanga 144, ndipo amenewo satchulidwa kwenikweni. Kumeneko ndiko kaganizidwe kathu: thirakitala ndi ya mabwana, makina otonolera ndi kachinthu chabe. Komatu pokolola, kachinthuko ndi kamene kamasintha tsiku la waganyu.

Njira yachiwiriyi ndiyo ndimaikonda, ndipo sindibisa. Makina otonolera a injini ya dizilo yaing'ono, kaya ochokera ku China ndi India kaya owotcherera amisiri athu m'tauni muno, mtengo wake sungayerekezedwe n'komwe ndi wa thirakitala. Akawonongeka, lamba kapena beringi mumazipeza ku Biwi tsiku lomwelo. Chachikulu n'chakuti amafuna gulu, ndipo aliyense m'gulumo ali ndi malo ake. Wina amaliza injini n'kumayang'anira oyilo ndi madzi, awiri amathira chimanga, wina agwira thumba kukamwa kwa makina, wina akusoka, wina ali pasikelo kuonetsetsa kuti lakwana makilogalamu 50. Mawa amasinthana. Pakutha pa sabata aliyense wagwirako makinawo ndipo akudziwa kulira kwa injini imene lamba wake wakhwefuka.

Ulemu wake ndi wochepa, zoona. Palibe amene amadzitama kumsika kuti kwathu kuli makina otonolera. Koma loto lake ndi lofikirika. Mnyamata wa ku Malingunde sangagule Massey ngakhale atagwira ganyu zaka zambiri, pamene makina otonolera atha kusonkherana ndi anzake awiri atatu, kuwakweza pangolo n'kumazungulira m'midzi akulipiritsa pa thumba. Ambiri amene akuchita geni imeneyi lero anayambira pogwira thumba pa makina a munthu wina. Anyamata amaona zimenezi, ndipo amene amabwera chifukwa cha izo ndi amene amabweranso chaka chamawa.

Pa malipiro m'pamene alimi timalakwitsa. Makina akabwera matumba a pa tsiku amachuluka, ndiye mlimi amatsitsa mtengo wa pa thumba mpaka waganyu akuweruka ndi ndalama yomwe ija ankapeza potonola ndi manja kapena pomenya ndi ndodo. Zikatero mwamupatsa fumbi ndi phokoso popanda chowonjezera. Kutsitsa n'koyenera poti dizilo ndi wanu, koma tsitsani mwakuti madzulo akawerenga apeze kuti lero zaposa dzana. Apo ayi makinawo asanduka mdani wake, chifukwa ntchito imene ikanamudyetsa milungu itatu yatha m'masiku ochepa.

Zofooka zina zilipo. Chimanga chosauma bwino makina amachiphwanya, ndipo ogula akuluakulu amafuna chinyezi chisapitirire pafupifupi 13 peresenti, choncho kuthamangira kutonola mu Epulo kumabweretsa mkangano wa nani walakwitsa. Soya amayenda bwino pa makina opunthira, ndipo apa kusiyana kwake ndi kumenya ndi mitengo pa tenti n'kwakukulu kwambiri, makamaka poti soya akachedwa m'munda amathetheka n'kutayikira pansi. Mtedza ndiye wovuta. CG7 kapena Chalimbana ukauswa ndi makina osachunidwa bwino umasweka pakati, ndipo wogula wofuna mbewu kapena wotumiza kunja amaukana. Koma nako kuswa ndi manja kuli ndi msampha wake: aganyu olipidwa pa ndowa amawaza madzi makoko kuti afewe, ndipo chinyezi chimenecho ndicho chimabweretsa chuku chija chotulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin. Ndipo tisaiwale amayi. Kutonola, kupeta ndi kuthothola mtedza yakhala ntchito imene amayi ndi atsikana amapezerapo ndalama, ena amatenganso zitsononkho kukakolezera moto. Makina akafika, kawirikawiri gulu limasanduka la anyamata okhaokha, pokhapokha mwini munda atanena yekha kuti pasikelo ndi posoka pakhale atsikana. Mkangano wonse wa ulemu wa makina timaukamba ngati aganyu achinyamata onse ndi amuna, pamene gawo lalikulu la ntchito yokolola lili m'manja mwa akazi amene mtundu wa thirakitala suwakhudza n'komwe. Iwo amafunsa za mtunda wochokera kunyumba, nthawi yowerukira ndi tsiku lolandira.

Njira yachitatu ndi ya ngolo, kaya ya ng'ombe kaya ya abulu amene achuluka m'madera ozungulira mzinda uno. Ilibe chonyaditsa, ndipo mnyamata wochokera kutali sangakwere minibasi kudzagwira pa ngolo. Koma mlimi amene sanamange ndalama zake mu chitsulo amatha kulipira tsiku lomwelo, pamanja kapena pa Airtel Money ndi Mpamba ataonjezera yotapira, n'kuphikitsa nsima ya masana ya ndiwo zooneka, nyemba kapena usipa, ndi thobwa la m'mawa. Amene amabwera kwa iye ndi a m'midzi yoyandikana, anyamata apabanja, amayi, ndi ophunzira a ku sekondale Loweruka. Ndi anthu okhazikika, ndipo mumawadziwa makolo awo. Ngolo imalowanso m'tinjira ta kudambo mmene thirakitala ndi tilela yodzaza zingatitimire. Chimene imalephera ndi liwiro. Pa maekala 10 mpaka 15 zimatheka. Kupitirira apo mikukwe imakhalitsa m'munda, chiswe chimayamba pansi, akuba amayamba usiku, ndipo ndalama imene munapulumutsa imathera kwa alonda.

Za makina aakulu okolola okha aja, a combine, sindichedwapo. Amaoneka m'minda ikuluikulu yokha, ndipo amene ali nawo sakusaka aganyu ambiri, akuwachepetsa. Fodya nayenso ali pambali: kuthyola, kusoka, kupachika m'chigafa ndi kusankha magiredi zonse n'zamanja, chitsulo chake ndi jeke yodindira mabelo. Kuyambira pamene lamulo la zantchito linasinthidwa mu 2021 n'kuthetsa ulimi wa matenanti, wa fodya ayenera kukopa anthu ndi malipiro enieni, ndipo iyeyo ndi amene mukulimbirana naye anyamata mu Epulo.

Ndiye mlimi wa maekala 20 mpaka 50 achite bwanji? Ine ndimati gulani makina otonolera, ndipo ngati mumalima soya wambiri onjezani opunthira. Thirakitala muzibwereka masiku otuta okha. Masiku amenewo ulemu wake mumaupeza ndithu, chifukwa anyamata saona kalata ya umwini, amaona chitsulo chikulowa m'munda mwanu. Kuipa kwa yobwereka n'kwakuti aliyense amaifuna sabata yomweyo, ndipo dalaivala wake salola munthu wina kukhudza chiwongolero, choncho musalonjeze anyamata kuti adzaphunzirapo kuyendetsa.

Amene muli nayo kale yanu, mutha kuichititsa ntchito yoposa kututa. Uzani gulu poyamba pomwe kuti amene amalize nyengo yonse adzapatsidwa maola ophunzira, pabwalo loyera, tilela itamasulidwa, dalaivala ali pambali pake. Lembani mayina ndi masiku kuti pasakhale zoti kapitawo akukondera abale ake. Ayambe ndi kuyang'ana oyilo, kuthira girizi ndi kumanga tilela asanafike pa giya. Pamsewu wa boma asatuluke nayo wopanda layisensi. Ndipo zaka muzifunsa ndi chiphaso cha unzika m'manja: lamulo la zantchito la 2000 limaletsa kulemba ntchito mwana wosafika zaka 14, ndipo wosafika 18 saloledwa ntchito zoika moyo pachiswe. Kukhala pa madigadi thirakitala ikuyenda, kuyandikira chitsulo chozungulira cha kumbuyo kwake, chozunguzira makina olumikizidwa, utavala malaya olendewera, kapena kukankha chimanga ndi dzanja kukamwa kwa makina otonolera, zonsezi n'zimene anyamata amachita pofuna kuonetsa kuti ndi madolo, makamaka mnzawo akawaloza ndi foni. Ikani kamtengo kokankhira pafupi ndi makinawo, tchingani malamba ndi lata, ndipo wogwira injini akhale mmodzi yekha amene ali ndi mphamvu yoizimitsa osadikira kufunsa bwana.