Jombo zakale zapulasitiki zokwerera mapiri: zimakalamba zili m'kabati

Jombo zapulasitiki zokwerera mapiri a chipale chofewa zinatchuka kwambiri m'zaka za m'ma 1980 ndi 1990, pamene makampani monga Koflach ya ku Austria, komanso Scarpa ndi Asolo a ku Italy, ankazipanga zambiri. Mpaka lero zimapezeka zikugulitsidwa ndi anthu amene anasiya kukwera mapiri, ndipo zambiri zimaoneka ngati sizinapondepo pansi. Mtengo wake wotsika umakopa munthu amene akungoyamba kumene, koma ine sindingamulimbikitse kuti azidalire paulendo wa m'nyengo yozizira umene kubwerera kwake n'kovuta.

Ubwino wake sitingaukane. Jombo iliyonse ili ndi zigawo ziwiri: chigoba cholimba chakunja ndi nsapato yofewa yamkati imene imasunga kutentha. Chigobacho sichimwa madzi monga chimachitira chikopa, choncho sichiuma gwa usiku, ndipo nsapato yamkati munthu amaivula n'kugona nayo m'thumba logonamo kuti m'mawa aivale yofunda. Soli yake siipindika, zomwe zimathandiza kuti ma crampon, zitsulo zamano zija zomangirira kuphazi poyenda pa madzi oundana, agwire bwino. Kulemera kwake ndiponso kupweteka kumene imachititsa pamsongolo ndi zinthu zimene okwera mapiri ankangozipirira.

Vuto lagona pa pulasitikiyo, ndipo silisankha kampani. Jombo zambiri zili ndi polyurethane m'chigoba kapena pakati pa chigoba ndi soli, ndipo pulasitiki wamtunduwu amawonongeka pang'onopang'ono ndi chinyezi cha mumpweya, chimene chimadula timaunyolo tosaoneka ndi maso tomwe timamupatsa mphamvu. Zimenezi zimachitika kaya jomboyo ikuvalidwa kapena ili m'bokosi, ndipo zimafulumira ngati malo osungirawo ndi otentha komanso achinyezi. N'chifukwa chake mawu a wogulitsa akuti "ndinangovala kangapo" sandipatsa chilimbikitso chilichonse. Chofunika kudziwa ndi chaka chimene jomboyo inapangidwa, osati maulendo amene inayenda. Zigoba zina zinapangidwa ndi Pebax, mtundu wina wa pulasitiki umene umapirira kuzizira bwinopo, komabe guluu ndi zigawo zina zakunsi zimakalamba ndithu.

Kuzizira ndiko kumaulula zonse. Pulasitiki aliyense amauma kukazizira, koma wokalamba amasiya kupindika n'kuyamba kung'aluka ngati chigoba cha dzira. Munthu akamakwera khoma la madzi oundana amamenyetsa mano akutsogolo a crampon mobwerezabwereza, thupi lonse n'kutsamira pa zala zakuphazi, ndipo mphamvu yonseyo imathera pamalo ochepa: pamwamba pa zala pamene chigoba chimafuna kupindika, pozungulira timisomali ta zokolera zingwe, pa mfundo ya akakolo, ndiponso pa kamlomo ka kuchidendene pamene crampon imakanirira. Kamlomo kameneka ndi kamene kamandiopsa kwambiri, chifukwa kakabenthuka crampon imavuka nthawi yomweyo, munthu ali pamalo otsetsereka pamene phazi lopanda mano silingaime. Mng'alu wa pamwamba suoneka woopsa chotero poyamba, koma chipale chimalowa, chimasungunuka, nsapato yamkati imanyowa, ndipo zala zonyowa pachisanu chotere zimatha kuuma mpaka kufa. Tepi yomata ndi waya zingathandize munthu kutsika phiri, osati kupitiriza kukwera.

Amene ali nazo kale jombozi angaziyese asananyamuke. Aike chigoba mufiriza usiku wonse, ndipo m'mawa achipinde ndi kuchifinya mwamphamvu, amangirire crampon n'kuimasula kangapo, kenako ayang'ane timing'alu pamalo ndatchula aja. Akanikizenso chikhadabo pakati pa soli ndi chigoba: ngati pakunyenyeka, pakumata, kapena soli yayamba kusiyana ndi chigoba, jomboyo yatha. Tsoka lake n'lakuti jombo yolephera mayesowa yadziwikadi kuti ndi yoipa, koma yopambana sinatsimikizike kuti ndi yabwino, pakuti firiza siingafanane ndi tsiku lonse lomenyetsa phazi pa madzi oundana. Kuikitsa soli yatsopano ya kampani yopanga masoli ya Vibram nakonso kumangokonza kunsi, chigoba n'kukhala chakale chomwecho.

Jombo zamakono za zigawo ziwiri, zokutidwa ndi nsalu yolimba m'malo mwa chigoba chapulasitiki chokhachokha, n'zopepuka ndipo zimafunda bwino, ngakhale kuti n'zodula. Amene sangakwanitse kugula angachite bwino kubwereka kumalo obwereketsa zida amene amasintha katundu wawo pafupipafupi, n'kufunsa zaka za jomboyo asanaivale. Pa jombo zakalezi, chimene ndingasunge ndi nsapato yamkati yokha, ngati sinaphwatalale, yovala potuluka mutenti. Chigoba chimene chapitirira zaka 20 sindingachimangirire crampon.