Baraka la kuseri kwa msika wa Ulongué, komwe timaonera mpikisano wa liwiro wa ku Boston

Pa Vila Ulongué pano, m'boma la Angónia ku Mozambique, malo okhala ndi kanema wa dishi alipo angapo, koma pafupifupi onse amadziwa masewera amodzi okha, omwe ndi mpira wamiyendo. Munthu wokonda za liwiro ngati ine, amene ndinakopeka ndi masewerawa pamene Lurdes Mutola wa kuno ku Mozambique anapata mendulo ya golide pa mtunda wa mamita 800 ku Sydney mu 2000, amasowa kolowera, chifukwa ukapempha kuti asinthe tchanelo anyamata amakuyang'ana ngati wawalanda nsima pakamwa. Malo amene ndikuwaunika pano ndi baraka lodyeramo lomwe lili chakuseri kwa msika, ndipo maganizo anga pa malowa anakhazikika tsiku lomwe ndinawayesa koyamba, Lolemba pa 21 Epulo 2014.

Tsikulo unali mpikisano wa marathoni wa mumzinda wa Boston ku America, womwe unayamba mu 1897 ndipo umachitika Lolemba lachitatu la mwezi wa Epulo, pa mtunda wa makilomita 42.195 kuchokera ku Hopkinton kukathera mumsewu wa Boylston. Chaka cha m'mbuyo mwake, pa 15 Epulo 2013, mabomba awiri opangidwa ndi miphika yophikira anaphulika pafupi ndi pothera mpikisanowu, ndipo anapha anthu atatu, mmodzi mwa iwo mnyamata wa zaka 8, ndi kuvulaza ena oposa 260, ena mpaka kuduka miyendo. Choncho mpikisano wa 2014 unali woyamba chichitikireni tsokalo, ndipo m'malo moti anthu aope, okonza mpikisano anakweza chiwerengero cha olembetsa kufika pafupifupi 36,000.

Ndinakapempha kwa mwini malo kutatsala sabata imodzi. Poyamba anakayika, nandifunsa kuti, "Kodi aphunzitsi, anthu angakhale pansi maola awiri n'kumaonera anzawo akungothamanga?" Nditawafotokozera za mabomba aja, sanatsutsenso, ndipo analemba uthengawo ndi choko pa bolodi lomwe amalembapo masewera a mpira. Nthawi nayo inatikomera, popeza Boston ili m'mbuyo ndi maola 6 poyerekeza ndi kuno: amuna ananyamuka 10 koloko m'mawa kwawoko, kuno ili 4 koloko madzulo, anthu ataweruka. Linalinso Lolemba la Pasaka, lomwe ndi tchuthi ku Malawi, moti m'chipindamo munali alendo angapo ochokera ku Dedza omwe anadzaona abale kudzera pa chipata cha Calómuè.

Kanema wa pamalopa ndi wamkulu bwino ndipo anamupachika pamwamba, kotero kuti mutu wa mnzako sukutchinga, ngakhale okhala pa mabenchi awiri akumbuyo amavutika kuwerenga manambala ang'onoang'ono a nthawi ndi makilomita, omwe pa marathoni ndiwo mtima wa nkhani. Chimene ndimayamikira kwambiri ndi chakuti mwini malo anazimitsiratu nyimbo, chinthu chosowa m'mabaraka athu, momwe zokuzira mawu zimalira kuyambira m'mawa mpaka usiku. Owulutsa ankayankhula Chingerezi, pomwe ambiri a ife timamva Chichewa ndi Chipwitikizi, ndiye anandipatsa mpando wapambali pa kanema kuti ndizitanthauzira mwachidule, ndipo aliyense wofuna kulongolola ankauzidwa mwaulemu kuti akachezere panja.

Kamera itayandikira pachifuwa pa Meb Keflezighi, wothamanga wa ku America yemwe anatsogola molawirira, panaoneka kuti m'makona a pepala la dzina lake munalembedwa maina anayi pamanja. Mdala wina amene anakhala patsogolo, chipewa chili pabondo, anafunsa kuti mainawo ndi a yani. Ndinayankha kuti, "Agogo, amenewo ndi atatu amene anafa ndi mabomba aja, pamodzi ndi wapolisi amene anawomberedwa patapita masiku atatu." Mdalayo anagwedeza mutu, nanena kuti ndiye kuti lero ndi bona lawo. Sindinapeze mawu ena oposa amenewo, chifukwa kwathu kuno maliro sathera kumanda, koma papite nthawi, mwina chaka, mudzi usonkhanenso, mowa ufululidwe, gule atuluke, kuti otsala amasuke n'kuyambiranso moyo. Kuchokera pamenepo anthu anaonera mpikisanowo mwaulemu wina, ndipo ngakhale anyamata omwe analowa n'cholinga chongodikira mpira anasiya kuseweretsa mafoni.

Magetsi anazima othamanga akuyandikira zitunda za ku Newton, komwe kuli chitunda chotchuka cha Heartbreak Hill chapafupi ndi kilomita 33, pamalo pomwe mpikisanowu nthawi zambiri umaweruzidwira. Apa ndi pamene malowa anasonyeza kuti ndi okonzeka. Mnyamata wothandiza anathamangira kuseri ndi tochi ya pafoni, anakoka chingwe cha jenereta katatu, ndipo chithunzi chinabwerera tisanathe n'kudandaula komwe. Mafuta anali atathiridwa kale. Vuto ndi lakuti jeneretayo ili pafupi kwambiri ndi zenera, moti phokoso lake limameza mawu a owulutsa, ndipo utsi umalowa mphepo ikatembenuka. Ndawauzapo kangapo kuti aisunthire kutali, koma mpaka lero ili pomwepo.

Pamakilomita otsiriza m'chipindamo munagawanika. Keflezighi, yemwe nthawi ina anasiya anzake ndi mphindi yoposa imodzi, anayamba kufikiridwa ndi Wilson Chebet wa ku Kenya, ndipo ambiri ankachemerera Chebet ponena kuti ndiye mwana wa mu Africa. Nditafotokoza kuti Keflezighi naye anabadwira ku Asmara, ku Eritrea, mu 1975, ndipo banja lake linathawa nkhondo n'kukafika ku America mu 1987, akuluakulu anakhala chete kwakanthawi. M'chipindamo munali anthu angapo omwe m'zaka zomwezo anathawira ku Dedza ndi ku Ntcheu chifukwa cha nkhondo ya kuno ku Mozambique, nabwerera pambuyo pa mgwirizano wa mtendere wa ku Rome wa pa 4 Okutobala 1992, choncho nkhani ya mwana wothawa nkhondo sinafune kutanthauzira kwambiri. Keflezighi anafika poyamba pa maola 2, mphindi 8 ndi masekondi 37, atasiya Chebet ndi masekondi 11 okha, ali ndi zaka 38, ndipo anakhala mwamuna woyamba wa ku America kupambana mpikisanowu kuchokera pamene Greg Meyer anatero mu 1983. Benchi lina linagwa pamene anthu ankadzuka.

Ndiyenera kuwonjezera kuti Rita Jeptoo wa ku Kenya, yemwe tinamuombera m'manja tsikulo atatsogola kumbali ya amayi, analandidwa chipambanocho mu 2016 chifukwa cha mankhwala oletsedwa, ndipo ulemuwo unapita kwa Buzunesh Deba wa ku Ethiopia. Mwini malo amaikumbutsabe nkhaniyi chaka chilichonse ngati kuti oberedwawo anali iwo.

Pa chakudya sindingathe kuyamikira mofanana. Tchipisi n'chabwino, ndipo sizodabwitsa m'dera lomwe mbatata ya kachewere imalimidwa mochuluka chonchi. Amachikazinga pomwepo, n'kuthira kabichi ndi tsabola wokwanira. Nkhuku yachikuda ndi nsima ndi yokoma, koma imachedwa mopitirira muyeso. Tsiku loyambalo ndinaitanitsa othamanga asananyamuke, ndipo mbale inafika iwo atadutsa theka la mtunda, nsima itayamba kale kuuma pamwamba. Kukhitchini kuli mayi mmodzi yekha ndi mbaula ziwiri za makala, ndiye anthu akachuluka sizitheka kuchitira mwina pokhapokha atalemba wothandiza. Madzi osamba m'manja amabwera ofunda, zomwe zimasangalatsa madzulo a mwezi wa Epulo pamene chisanu cha kumtunda kuno chayamba kuluma, koma chimbudzi chilibe nyali, ndipo loko wake ndi msomali wopindika.

Palibe ndalama yolowera pakhomo. Chofunika n'chakuti ugule kanthu, ngakhale botolo limodzi la zoziziritsa kukhosi, ndipo sindinaonepo munthu akuthamangitsidwa chifukwa chakuti botolo lake latha. Amene akufuna kudzaonera mpikisano wa Boston pamalopa akumbutse mwini malo masiku angapo lisanafike Lolemba lachitatu la Epulo, popeza m'nyengo imeneyi mpira wa ku Ulaya umakhala utafika pampondachimera ndipo amene wayamba kupempha ndiye amapatsidwa kanema. Afike isanakwane 3 koloko kuti apeze mpando wapatsogolo kutali ndi zenera la jenereta, aitanitse nkhuku akangolowa, ndipo atenge jekete.