Nkhalango ya Karura ku Nairobi: ndalama yolowera sindinaidandaule

Ndinali ku Nairobi pa maphunziro a masabata awiri, ndipo Loweruka lina mnzanga wa komweko anati tikawongole miyendo ku Karura. Ine ndinkayembekeza kapaki ka kapinga ndi mabenchi. Ayi ndithu, ndi nkhalango yeniyeni ya mahekitala oposa 1,000, mkati mwa mzinda.

Tinalowera geti la ku Limuru Road. Alendo akunja timalipira zambiri kuposa eni dziko. Mlonda atasuzumira m'chikwama changa anapeza botolo la madzi lapulasitiki, aja timangotaya tikamwa, ndipo anandiuza mwaulemu kuti silingalowe. Ndinagugudiza madziwo pomwepo. Tinayenda maola atatu, koma sindinaone jumbo ngakhale imodzi itakodwa pachitsamba.

Njira zake ndi zadothi lofiira, ndipo mphambano zili ndi manambala, kusochera n'kovuta. Ena amabwereka njinga, ife tinayenda wapansi mpaka kumathithi ndi kumapanga kumene amati ankhondo a Mau Mau, amene ankamenyana ndi atsamunda a ku Britain, ankabisala. Cha kumtsinje tinaima chifukwa cha anyani akuda otchedwa colobus, a ubweya woyera wolendewera m'mbali ngati mkanjo. Mmodzi anali phee panthambi, akubudula masamba anthete, mchira uli lende, osatilabadira n'komwe.

Chimene chinandikhudza kwambiri ndi nkhani ya mayi Wangari Maathai, amene anayambitsa bungwe lodzala mitengo la Green Belt Movement mu 1977. Mu Januwale 1999 anabwera kuno ndi anzawo kudzadzala mitengo, potsutsa anthu amene anagawiridwa malo a nkhalangoyi mwamseri kuti amangepo nyumba zapamwamba. Alonda aganyu anawamenya mpaka magazi chuchuchu kumutu. Mayi wa zaka 58, m'manja muli mbande chabe! Sanagonje, ndipo zomangazo zinaima. Mu 2004 anakhala mayi woyamba wa mu Africa kulandira mphoto ya Nobel ya mtendere. Anamwalira mu 2011, gulu la Friends of Karura Forest litayamba kale kusamala malowa mogwirizana ndi nthambi ya boma yoona za nkhalango ya Kenya Forest Service kuchokera mu 2009. Mnzanga anati kale kunali achifwamba, munthu sankayerekeza kulowa yekha. Lero kuli mpanda wamagetsi, ndipo tinakumana ndi amayi akuthamanga okhaokha, ena akukankha ana pa tingolo.

Ine ndinakulira ku Ndirande, ndipo ndikukumbuka phiri lathu lili ndi mitengo, lisanametedwe mpala m'zaka za m'ma 1990. Ndili mumthunzi wa Karura mtima unandiwawa, ndinakhala kaye pachitsa osayankhula.

Mukafika ku Nairobi, pitani m'mamawa. Loweruka masana anthu ndi njinga zimachuluka m'njira yopita kumathithi. Tengani botolo lachitsulo, ndipo ngati kwagwa mvula valani nsapato zakale, chifukwa dothi lofiira lija silichoka msanga.