Ana a Ayuda ndi chaka chawo chatsopano kuno ku Joni

Abale anga kumudzi, ena mwakhala mukufunsa kuti ntchito imene ndikugwira kuno ndi yotani. Ndimathandiza aphunzitsi pa sukulu ina yamkombaphala ya Ayuda ku Glenhazel, dera la Johannesburg kumene Ayuda ndi ambiri. Ana ake ndi a zaka zitatu ndi zinayi. Ine ndimawasambitsa m'manja, kuwadyetsa, kupukuta utoto pansi, koma makutu amakhala ali tcheru.

Chaka chatsopano cha Ayuda sichibwera mu Januwale. Amachitcha Rosh Hashanah, ndipo chimagwa mu Sepitembala kapena Okutobala, pa tsiku loyamba ndi lachiwiri la mwezi wawo wa Tishrei. Mu 2025 chinayamba madzulo a 22 Sepitembala, ndipo iwo analowa m'chaka cha 5786. Tsiku lawo limayamba dzuwa likangolowa.

Chimene chandigwira mtima n'chakuti aphunzitsi, omwe anawo amawaitana kuti Morah, salalikira. Mwana wa zaka zitatu ungamuuze chiyani za chiweruzo cha Mulungu ndi kulapa? Iwo amadzera pakamwa, m'makutu ndi m'manja. Kudakali mwezi wathunthu, wotchedwa Elul, m'mawa amabwera bambo wina kudzaliza shofar, lipenga la nyanga ya nkhosa yamphongo. Nyangayo imakumbutsa nkhosa ija inakodwa m'chiyangoyango Abrahamu atatsala pang'ono kupha Isake, nkhani ya pa Genesis 22 imene tonse tinaimva ku Sande sukulu. Nyanga ya ng'ombe saigwiritsa ntchito chifukwa cha fano la mwanawang'ombe lija, koma ya ngoma, nyama imene kuno amati kudu, imaloledwa. Tsiku loyamba ena amalira ndi mantha, ena kutseka makutu. Pofika sabata yachitatu amakhala akutsanzira okha ndi malipenga amapepala: kulira kumodzi kwakutali, kutatu koduladula, kenako kofulumira kambirimbiri. Phokoso lake m'kalasimo, mutu umachita kuwawa.

Ndiye pali uchi. Timadula maapozi, mwana aliyense n'kuviika chidutswa mu uchi, kunena dalitso m'Chihebri, n'kudya, akupempha kuti chaka chikhale chokoma. Apa mpamene ntchito yanga imakulira, poti uchi umafika m'tsitsi, pamipando mpaka m'nsapato. Amakandanso buledi wawo wotchedwa challah. Masiku onse amamuluka ngati tsitsi, koma wa nthawi imeneyi amakhala wozungulira, nthawi zambiri wothira mphesa zouma. Makangaza nawo amabwera kuti ana aone kuchuluka kwa njere zake, ndipo Morah amati ntchito zabwino zichuluke chomwecho.

Mwambo wa Tashlich unandidabwitsa. Akuluakulu amapita kumtsinje kapena kudamu, ambiri n'kuponya nyenyeswa m'madzi, potsatira mawu a pa Mika 7:19 akuti machimo adzaponyedwa pansi pa nyanja. Ana sitipita nawo kumtsinje. Timathira madzi m'beseni panja, aliyense n'kutchula chimene analakwa asanaponye nyenyeswa yake. Wina amati analanda chidole, wina kuti anamuluma mlongo wake, kenako amapita kukapepesa mnzakeyo. Ine ndimaona kuti apa mpamene pagona phunziro lenileni, kuposa nyimbo ndi makadi olembedwa kuti Shana Tova, kutanthauza chaka chabwino, amene amatengera makolo.

Kwa amene mukufuna ntchito yotere, dziwani kuti malamulo a chakudya ndi okhwima. Nyama ndi mkaka sizikumana, ndipo ziwiya zake n'zosiyana. Nsima ndi ndiwo zanga ndimadyera padera, sindizilowetsa m'khitchini yawo.

Masiku awiri a chikondwererocho sukulu imatsekedwa. Pa tsiku la 10 la Tishrei pamabwera Yom Kippur, tsiku losala kudya, ndipo pa 15 imayamba Sukkot, pamene amamanga misasa pabwalo. Mukaona foni yanga ikungoitana m'masabata amenewa, ndimakhala ndikumata zokongoletsera msasa wa anawo. Ndalama za feteleza nditumiza mwezi ukatha.